Timuonere Kaye Mawa

Mu February chaka chatha mwana wanga wamkazi anatentha thupi cha m'ma 9 koloko usiku. Mayi ake anamuyeza ndi kachipangizo kamene timasunga m'dirowa, nambala inafika 38.5, ndipo pasanathe theka la ola tinali m'galimoto ya aneba kupita ku chipatala cholipira cha kuno ku Area 25. Anamubaya chala, anati si malungo, anatipatsa mankhwala amadzi, tinabwerako. Pofika 11 koloko mwana anali m'tulo.

Sabata yomweyo ndinaimbira foni achemwali anga kumudzi ku Ntchisi. Nkhani inali ya feteleza. Titamaliza ndinafunsa za ana, iwo anati onse ali bwino kupatula wamng'onoyo, amene thupi linali likutentha tsiku lachitatu.

"Mwapita naye kuchipatala?"

"Iyayi achimwene. Phala akumwa, masana anatulukako panja. Timuonere kaye mawa."

Ndinakalipa. Ndinawauza kuti malungo sachedwa kupha mwana, kuti pa wailesi amanena tsiku ndi tsiku kuti mwana akatentha thupi azifika kuchipatala pasanathe maola 24, kuti chipatala cha boma n'chaulere. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Ndamva achimwene," ndipo foni inaduka. Ndinagona ndikudziona ngati ndachita mbali yanga.

Patatha masiku awiri mwanayo anakomoka, anayamba kuphiriphitha, maso atatembenuka. Alamu anabwereka ndalama usiku womwewo, anapeza wa njinga yamoto, ndipo kutacha mwana anali atagonekedwa ku chipatala chachikulu akumuika magazi. Anachira. Ine ndinapita kukamuona atatuluka, ndinakhala kumudzi masiku asanu, ndipo m'masiku amenewo ndinachita manyazi ndi mawu amene ndinalankhula pa foni paja. Zimene ndinanenazo zinali zoona ndithu. Chimene ndinali nditaiwala n'chakuti inenso ndinakulira pakhomo pamene mawu akuti "timuonere kaye mawa" ankanenedwa ndi anthu okonda ana awo kwambiri.

Tsiku lina m'mawa ndinayenda njira ya kuchipatala ija ndi alamu. M'chilimwe ndi ulendo wa maola atatu wapansi kukafika pa helefu senta ya boma. M'dzinja dambo la pakati limadzaza, ndiye umazungulira kumtunda, kapena umavula nsapato n'kuwoloka madzi akufika m'chiuno, mwana utamunyamula paphewa. Chipatala cha mishoni chili pafupiko, koma n'cholipira. Kabaza wa njinga yakapalasa amafuna ndalama imene achemwali amaipeza akagwira ganyu masiku awiri, wa njinga yamoto amaposa apo, ndipo usiku kapena kukagwa mvula mtengo umakwera. Mwezi wa February ndi mwezi umene nkhokwe ili pululu, chimanga chogula chadula, ndipo tsiku lililonse limene mayi sanapite kumunda kapena ku ganyu ndi tsiku limene ana ena anayi agona ndi njala. Mwana akagonekedwa, mayi ndiye gadiyani. Afunika ufa, nkhuni, ndiwo, sopo, ndi munthu wotsala ndi ana kunyumba. Chipatala n'chaulere, inde, koma ulendo wake umadya mbuzi.

Ndiye ukafika, sudziwa chimene ukachipeze. Achemwali anandiwerengera maulendo awo a chaka chapita. Ulendo wina anaima pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anawalembera mankhwala m'kabuku n'kuwauza kuti atha, akagule. Ulendo wina anathamanga ndi mwana tsiku loyamba lenileni, atamuyeza anapezeka alibe malungo, ndipo wina wa pamenepo anawafunsa pamaso pa anthu ngati alibe ntchito kunyumba. Ulendo uno, atafika ndi mwana wokomoka, funso linali lakuti, "Mayi, munali kuti masiku onsewa?" Anandiuza zimenezi akusenda nthochi zaziwisi, osakweza mawu, osadandaula. Ukafulumira wataya nthawi ya anthu, ukachedwa ndiwe mayi wosasamala. Munthu amene wakumana ndi zonse ziwirizi amaphunzira kuyeza matenda ndi muyezo wina.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Ife a m'tauni timaganiza kuti mayi wa kumudzi amaona kuti mwana akufunika chipatala koma amalephera kupita chifukwa cha mtunda ndi ndalama. Zimachitika choncho nthawi zina. Koma chimene ndinaona kwathu n'chozama kuposa pamenepo. Mtunda ndi umphawi zimalowa m'diso lenilenilo. Mayi sanama akamati mwanayu sanadwale kwenikweni. Amakhulupirira zimenezo, chifukwa zaka zambiri zamuphunzitsa kuti matenda enieni ndi aja amene amakwana mtengo wa ulendo. Kutentha thupi kumene kwa ine ndi chifukwa chodzutsira aneba, kwa achemwali ndi chinthu chimene chimabwera pakhomo mwezi ndi mwezi n'kumapita chokha atamwetsa mwana Panado wa pa okala. Akanati azithamanga nthawi iliyonse mwana akatentha, munda ukanagonera. Choncho mzere wolekanitsa "akudwala" ndi "wangofooka" umasunthira kutali, mpaka kufika pamene mwana wasiya kuyamwa, wasiya kulira, kapena wakomoka. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mwana wa zaka ziwiri satsegula chitseko. Amadikira wamkulu amene akudziwa kuti kunja kwa chitsekocho kuli maola atatu a matope.

Kumudzi matenda a ana ali ndi mayina awo, ndipo ndakhala ndikuganizira mayinawa kwambiri. Mwana akatsegula m'mimba ndi kutentha thupi ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, akuti akumera mano. Pamutu pakalowa, akuti ndi liwombo, ndipo agogo amadziwa zopaka. Thupi likamatentha mobwerezabwereza, akuti mayi ake ali ndi mauka, wofunika chithandizo ndi mayiyo. Mwana akatupa mapazi ndi masaya, tsitsi n'kufiira, akuti ndi tsempho, wina pakhomopo sanasunge mwambo, ndiye akuluakulu amakhala pansi kufufuza wolakwa. Akamakomoka n'kumagwedezeka, ena amati si za kuchipatala izi, jakisoni akhoza kumupha. Ndinene mosabisa kuti mayina amenewa apititsa ana ambiri kumanda. Liwombo lolowa ndi chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi, ndipo mwanayo akufunika Thanzi ndi zinki, mwinanso diripi. Kutupikana ndi njala. Kukomoka kwa mwana wotentha thupi kawirikawiri ndi malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, ndipo ola lililonse lochedwa limawerengedwa.

Komabe taonani chimene mayinawa akufanana. Lililonse lili ndi mankhwala ake opezeka m'mudzi momwemo, kwa agogo, kwa asing'anga a kuseri kwa phiri amene amalola nkhuku kapena kulipira pokolola. Dzina lililonse limapatsa banja chochita lero, popanda kabaza. Anthu amene kwa mibadwo yambiri analibe chipatala anayenera kupeza njira yoti asangokhala manja lende mwana akubuula. Ndikamamva anzanga akunena kuti vuto la kumudzi ndi umbuli, mtima umandiwawa, chifukwa amene akutchedwa mbuliwo ndi amayi anga, amene anabereka ana asanu ndi atatu n'kuika awiri m'manda asanakwane zaka zitatu, ndipo ife otsalafe anatilera ndi nzeru zomwezo.

Palinso nkhani ya mwini chigamulo. Achemwali sangangonyamuka. Ndalama ya kabaza ili m'thumba la alamu kapena kulibe. Mwana akadwala kwambiri, amalume ake ayenera kudziwa, pakuti kwathu ana ndi a mbumba ya kuchikazi. Agogo akanena kuti ndi mano, mayi wachitsikana amene angatsutse amaoneka wamwano. Pamene mawu a onsewa akumana, dzuwa lalowa. Pamenepanso ine ndili ndi mlandu, chifukwa malume wa mwanayo ndine, ndipo chimene ndinatumiza tsiku lija ndi mkwiyo, osati ndalama.

Chimene chinandipweteka kwambiri pa ulendo uja sichinali malungo. Mwana wanga ndi wa achemwali wachinayi anabadwa mwezi umodzi. Pa Khirisimasi tinawaimika pamodzi kuti tijambule, ndipo wanga anamuposa mnzakeyo pafupifupi mutu wonse. Nditanena, achemwali anaseka n'kuti, "Watengera bambo ake ameneyu, kwawo ndi aafupi." M'mudzi monse palibe amene amaona kuti mwanayo ali ndi vuto, chifukwa anzake onse osewera nawo ndi a msinkhu womwewo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Kumidzi anali 39, m'tauni 25. Kupinimbira sikupweteka, sikutenthetsa thupi, sikuliritsa mwana usiku. Kumangodya msinkhu ndi nzeru mwakachetechete. Ndipo chinthu chikakhala pakhomo lililonse chimasiya kutchedwa matenda, chimasanduka chibadwa.

N'chimodzimodzi ndi mafinya a m'khutu amene mwana amakhala nawo chaka chonse mpaka khutu kugontha, kenako kusukulu n'kumati ndi wosamva. N'chimodzimodzi ndi dzino lobooka, maso osaona pa bolodi, chifuwa chosatha cha mwana wokulira mu utsi wa kukhitchini. M'madera a m'mbali mwa nyanja, mnyamata akamakodza magazi chifukwa cha likodzo, kale anthu ambiri ankangoti akukula. Sindinamvepo munthu wa kwathu atabwereka ndalama ya kabaza chifukwa cha khutu la mwana. Ofufuza akafika ndi mapepala awo n'kufunsa mayi ngati mwana wake anadwala m'masabata awiri apitawa, iye amayankha kuti ayi, ndipo akunena zoona monga mwa muyezo wake. Yankho lija likafika ku ofesi limaoneka ngati dera lopanda vuto. Amene akusowa kwambiri ndi amene amapempha pang'ono, ndipo ogawa chuma amamva kwambiri mawu a ife amene timadandaula tikadikira ola limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi. Diso la achemwali anga ndilo diso limene ana ambiri a dziko lino amaonedwa nalo.

Amayi anga amakumbukira nthawi imene chikuku chinkalowa m'mudzi n'kutenga ana angapo mwezi umodzi. Amati masiku amenewo mwana sunkamuwerengera mpaka chikuku chitamudutsa. Khanda likamwalira lisanatuluke m'chikuta, amayi okhaokha ankakaliika mwakachetechete, popanda maliro. Mu 1992, mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2015 mpaka 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 63. Ndi dziko losauka limene linachita zimenezi, ndipo linachita potengera zinthu pafupi ndi anthu: katemera, sikelo ya pansi pa mtengo, masikito, mankhwala a LA amene analowa m'malo mwa Fansidar mu 2007, Chiponde cha ana onyentchera, ma ARV oteteza khanda ku kachilombo. Mu April 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Amayi omwe aja amene ankaika ana m'manda n'kumati ndi chifuniro cha Mulungu, lero ndi amene amakalipira adzukulu awo akaphonya tsiku la sikelo. Munthu ndi yemweyo. Chimene anachiona ndi maso ndicho chinasintha zimene amayembekezera.

Umboni wina ndinauona ku mudzi wa kuchimuna kwa achemwali anga ena, tsidya la mtsinje. Kuyambira mu 2008 boma linayamba kuphunzitsa alangizi a zaumoyo, aja timawatcha ma HSA, kuti azitsegula ma kiliniki a m'midzi m'madera akutali ndi chipatala, n'kumachiza ana osakwana zaka zisanu malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Kumeneko mlangizi amakhala m'mudzi momwemo. Kiliniki yake ndi kachipinda ka njerwa zosawotcha kamene anthu anamanga okha, muli benchi, bokosi la mankhwala lokhala ndi loko, ndi kaundula wamkulu. Ndinakhala pa benchipo m'mawa wina. Mayi wina anabwera ndi khanda la miyezi isanu, ufa udakali m'manja, nsima anaisiya pamoto kwa mwana wamkulu. Mlangizi anavundukula kamalaya, anatchera kawotchi kake, n'kuyamba kuwerenga mpweya akuyang'ana pachifuwa. Onse tinakhala chete mphindi yathunthu, tikungomva nkhuku panja. Kawotchi katalira anati 56. Kwa mwana wa miyezi iwiri mpaka chaka, mpweya ukafika 50 pa mphindi ndi chizindikiro cha chibayo, kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu ndi 40. Anasungunula piritsi pa supuni, mwana anamwa pomwepo, mayi anauzidwa tsiku lobweranso ndi zizindikiro zoti akaziona asadikire. Nsima anakaipeza isanazizire.

Ndinamufunsa mayiyo chimene chinamubweretsa. Anati, "Amapuma mothamanga kuyambira usiku." Sanati chifuwa wamba, sanati mano. Mayi ameneyu sukulu analekeza sitandade 4, chimodzimodzi achemwali anga. Mawu akuti kupuma mothamanga anawaphunzira chifukwa kuwadziwa kuli ndi phindu: akawanena, pali munthu pamtunda wa mphindi khumi amene achitapo kanthu. Uthenga wa pa wailesi achemwali anaumva kambirimbiri, akhoza kuulakatula pamtima. Koma uthenga umene kuutsatira kwake kumafuna mbuzi umakhala m'mutu, sufika m'miyendo.

Kwathu nakonso kiliniki yotere inalembedwa, koma mlangizi amakhala pa tiredingi senta chifukwa m'mudzi mulibe nyumba yoti akhalemo. Amabwera pa njinga masiku awiri pa sabata, m'dzinja mwina limodzi, ndipo nthawi zina amabwera bokosi lili lopanda LA kapena zoyezera malungo. Sindimuimba mlandu. Munthu mmodzi ali ndi midzi yambirimbiri, sikelo, katemera, zitsime, malipoti. Koma malungo sadziwa Lachiwiri ndi Lachisanu. Mwana wa achemwali anayamba kutentha Loweruka. Pamsonkhano wa kwa amfumu nkhani youmba njerwa za nyumba ya mlangizi yakambidwa zaka zitatu, njerwa zinaumbidwa kamodzi, mvula inaziwononga zisanawotchedwe. Ine amene ndimatumiza ndalama ya maliro mosachedwa sindinatumizepo ya malata a nyumba imeneyo, mpaka ulendo uno.

Ndimaganizanso za ogwira ntchito m'zipatala zathu, amene ambiri ndi ana a m'midzi yomweyi. Namwino mmodzi akaona odwala mazana pa tsiku, mawu amatha kutuluka olasa. Koma ndikanakonda akanadziwa kutalika kwa ulendo umene mawu amodzi amayenda. Mayi amene wanyozedwa chifukwa chobwera msanga amakafotokoza pachitsime, ndipo amayi khumi amaphunzira kudikira. Pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, madokotala a ana pamodzi ndi Professor Elizabeth Molyneux anakhazikitsa njira yoti mwana akangofika aziyamba waonedwa ngati ali pangozi, wodwalitsitsa azithandizidwa asanaime pa mzere, ndipo imfa za ana m'chipatalamo zinatsika. Njirayo, imene imatchedwa ETAT, inafalikira m'mayiko ambiri. Chimene chikufunika pambali pake n'chaching'ono ndipo sichifuna bajeti: mayi amene wafika ndi mwana wongotentha pang'ono amve mawu akuti mwachita bwino kubwera.

Usiku womaliza tinakhala pakhonde ndi achemwali, mwana wochirayo atagona pamiyendo pawo, pamkono pakuonekabe pamene panali singano ya magazi. Ndinapepesa chifukwa cha kukalipa kwanga. Iwo anati palibe chopepesa, munanena zoona. Kenako anakhala chete nthawi yaitali n'kuti, "Mukuganiza kuti sindinkamuyang'ana? Usiku wonse dzanja langa linali pamutu pake. Ndinkangoti akafika pakuti, ndinyamuka. Akafika pakuti, ndinyamuka. Koma pakutipo pamasunthasuntha, achimwene, ukakhala ulibe kanthu m'manja."

Tinagwirizana kuti ndiziwatumizira ndalama pa foni yoti izikhala ya kabaza basi, asaikhudze pa china chilichonse, ndipo tinalankhula ndi mnyamata wa njinga yamoto wa m'mudzimo kuti akaitanidwa usiku asamayambe wafunsa za malipiro. Miyezi ingapo zinayenda. Mu June mwana wawo wachitatu anatentha thupi madzulo, m'mawa mwake anali atayamba kale LA.

Mu January chaka chino ndinaimba kufunsa ngati ndalama ija ilipo. Anayamba ndi kundifunsa za ana, za mvula ya kuno, za mayi awo a ana. Kenako anati, "Ndisakunamizeni achimwene, ndinagula chimanga. Ufa unatha Lamulungu, ana anagona masiku awiri ndi mango owiritsa." Ndinawafunsa ngati onse ali bwino. Anati ali bwino, kungoti wamng'ono uja akutsokomola pang'ono, koma akusewera. Ndinawapempha kuti amuvule malaya, ayang'ane pachifuwa, awerenge mokweza, ine ndigwira wotchi kuno. Anamuitana, ndinamva akumukhazika pamiyendo, ndipo anayamba: wani, thu, fili.